Kansonga kachilendo pagalafu ya liwiro: tifufute kapena tisiye?

Funso

"Ndimaphunzitsa Physics kusekondale. Tili ndi kachipangizo koyezera mtunda ka kampani ya Vernier ndi pulogalamu ya Logger Pro, ndipo timayeza kangolo koyenda panjanji. Pakompyuta pamabwera tebulo la manambala kumanzere, kumanja magalafu awiri, ya mtunda ndi ya liwiro. Zondivuta ndi zitatu. Gulu lililonse la ana likajambulitsa mzere wowongoka pagalafu ya mtunda limapeza liwiro lakelake, chonsecho manambala ndi omwewo. Chachiwiri, pagalafu ya liwiro pamatuluka kansonga kokwera kwambiri kenako kotsika kwambiri. Ana amafuna kufufuta malo amenewo, ine sindikudziwa ngati n'zololedwa. Chachitatu, titatumiza manambala ku Excel mwana wina anawasanja potsatira liwiro, galafu n'kusanduka chipwirikiti, ndipo kudina pagalafu sikukuonetsanso mzere wake m'tebulo. Kodi galafu ndi tebulo zimalumikizana bwanji kwenikweni, nanga ndikhulupirire chiti?"

Yankho

Aphunzitsi, mafunso anu atatuwa muzu wake ndi umodzi, ndiye tiyambire pamuzupo. M'pulogalamu yotere mulibe zinthu ziwiri, galafu payokha tebulo palokha ayi. Muli mulu umodzi wa manambala amene kachipangizo kanatumiza, ndipo galafu ndi tebulo zili ngati mazenera awiri osuzumirira m'chipinda chimodzi. Mzere uliwonse wopingasa m'tebulo ndi muyeso umodzi: nthawi yakuti, mtunda wakuti, liwiro lakuti. Kadontho kamene mukukaona pagalafu ya mtunda ndi mzere womwewo, ndipo kamene kali pagalafu ya liwiro pa nthawi yomweyo ndi mzere womwewonso. N'chifukwa chake mukakoka mausi pagawo lina la galafu, mizere yake m'tebulo imasintha mtundu pompo. Palibe chimene chakoperedwa kuchoka uku kupita uko. Pulogalamu yangoika chizindikiro pa miyeso imeneyo, ndiye paliponse pamene miyesoyo ikuonekera chizindikirocho chikuonekeranso.

Chimene ndikufuna kuti inu ndi ana muzolowere ndi kudzifunsa, dzanja lisanadine, kuti zimene ndikuchitazi zikukhudza chiyani. Pali zochita zongosankha, monga kukoka mausi pagalafu kapena kudina mzere m'tebulo. Pali zosintha maonekedwe okha, monga kukulitsa gawo lina, kusintha malire a galafu, kapena kuchepetsa manambala oonekera kumbuyo kwa kadontho ka desimo. Ndiye pali zokhudza manambala enieniwo, monga kufufuta, kulemba nambala ina m'kabokosi, kapena kusanja kolamu imodzi payokha. Zoyamba ziwirizo mutha kuzichita tsiku lonse osawononga kanthu. Chachitatucho ndiye chofunika kuchiopa. Chovuta n'chakuti pakompyuta zonsezi zimachitika ndi kudina kofanana, ndipo mwana amene sanauzidwe sangasiyanitse.

Pa liwiro losiyanasiyana lija, ana anu sanalakwitse masamu, ndipo pulogalamu sinasokonezeke. Logger Pro ikamajambula mzere wowongoka imawerengera miyeso yokhayo imene yasankhidwa pa nthawiyo. Ngati simunasankhe kalikonse imatenga yonse. Tsono taganizani mmene ulendo wa kangolo umakhalira. Poyamba kali chiimire, mwana akudikira kuti kachipangizo kayambe kulira. Kenako dzanja likukakankha, liwiro likukwera. Kenako kakuyenda kokha. Pomaliza kagunda chotchinga kapena wina wakagwira. Gawo limene mukufunadi ndi lachitatu lokha. Gulu limene latenga galafu yonse laphatikiza nthawi imene kangolo kanali chiimire, ndiye liwiro lake lituluka lochepa. Gulu limene layambira pamene dzanja likukankhabe lipeza nambala ina. Amene asankha pakatikati apeza inanso. Onsewa akuyankha mafunso osiyana pogwiritsa ntchito manambala amodzi.

Apa ndi pamene kulumikizana kwa galafu ndi tebulo kumagwira ntchito yake. Diso limasankha pagalafu, chifukwa pamenepo ndi pamene mumaona kuti mzere wawongoka kuyambira apa kufika apo. Koma "apa" ndi "apo" sizilembeka mu lipoti. Mukasankha, yang'anani m'tebulo muone mzere woyamba ndi womaliza mwa imene yasintha mtundu, ndipo mwana alembe kuti liwiro ili ndalipeza pa miyeso ya kuyambira masekondi 1.20 kufika 3.40. Ndikanakhala ine sindikanalandira nambala ya liwiro yopanda malire ake, chifukwa palibe angaibwereze. Mu Logger Pro mzere ukajambulidwa pamaoneka timabulaketi tiwiri toonetsa pamene wayambira ndi pamene wathera, ndipo mutha kutikoka n'kuona nambala ya liwiro ikusintha maso anu akuona. Apatseni ana mphindi zingapo atikoke uku ndi uku. Aona okha kuti ali mkati mwa gawo lowongoka nambala imangosintha pang'ono, koma akangolowa pamene dzanja linali kukankha imalumpha.

Ngakhale magulu onse asankhe mkati mwa gawo labwinolo, kusiyana kwina kudzatsalabe, ndipo musakuthamangitse. Mawilo amakhuzana ndi njanji, njanjinso mwina yapendekeka pang'ono, kotero liwiro la sekondi yoyamba silingafanane ndendende ndi la sekondi yomaliza. Imeneyo ndi Physics yeniyeni, ndipo ndi funso labwino kuwaponyera ana kuti n'chifukwa chiyani amene anasankha kumapeto apeza liwiro locheperapo.

Tibwere pa kansonga, pamene ndikhalitsepo chifukwa ambiri amafufuta malo olakwika. Kachipangizo kanuko sikayeza liwiro. Kamatulutsa kaphokoso kokwera kwambiri koti khutu la munthu silingakamve, n'kudikira kuti kagunde chinthu n'kubwerera. Phokoso limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi mu mpweya wa madigiri 20, ndiye kuchokera pa nthawi ya ulendo wopita ndi wobwerera pulogalamu imapeza mtunda. Kolamu ya nthawi ndi ya mtunda ndizo zoyezedwa. Kolamu ya liwiro ndi yowerengetsera: pulogalamu imatenga kusiyana kwa mitunda yoyandikana n'kugawa ndi kusiyana kwa nthawi. Kolamu ya kuwonjezereka kwa liwiro ndi yowerengetseranso, kuchokera pa liwiro lowerengetsera kale lija.

Ndikupatseni chitsanzo cha manambala ongopeka kuti tione limodzi. Tinene kuti kangolo kakuthawa kachipangizo pa liwiro la mamita 0.40 pa sekondi, ndipo mukuyeza ka 20 pa sekondi, ndiye kuti mzere uliwonse ukutalikirana ndi unzake masekondi 0.05 ndipo mtunda ukuyenera kukwera ndi mamita 0.020. M'tebulo mukuwerenga motere: pa 1.50 mtunda ndi 0.820, pa 1.55 ndi 0.840, pa 1.60 ndi 1.310, pa 1.65 ndi 0.880, pa 1.70 ndi 0.900. Aliyense aona kuti pa 1.60 panayenera kukhala 0.860. Muyeso umodzi wokha ndiwo wasokonekera, anzake anayiwo ali bwinobwino.

Tsopano werengetsani liwiro m'njira yofala, yotenga mzere wam'mbuyo ndi wakutsogolo. Pa 1.55 mutenga 1.310 kuchotsapo 0.820, kugawa ndi 0.10, yankho 4.9. Pa 1.65 mutenga 0.900 kuchotsapo 1.310, kugawa ndi 0.10, yankho 4.1 wobwerera m'mbuyo, pansi pa ziro. Nanga pa 1.60, pamzere wolakwika weniweniwo? Mutenga 0.880 kuchotsapo 0.840, kugawa ndi 0.10, yankho 0.40. Liwiro lolondola ndendende. Mwaona chimene chachitika? Pagalafu ya liwiro, mzere wolakwa ukuoneka wosalakwa, pamene anzake awiri abwinobwino ndi amene akuoneka oipa, wina wakwera wina watsika. Kansonga kanu kokwera kenako kotsika ndi kameneka. Logger Pro imagwiritsa ntchito mizere yoposa iwiri powerengetsera, ndiye chisokonezocho chimafalikira kumizere ingapo mbali zonse ziwiri, koma maonekedwe ake ndi omwewa.

Ndiye taganizani mwana amene wayang'ana galafu ya liwiro yokha, n'kuchotsa kadontho kokwera ndi kotsika kaja. Wataya miyeso iwiri yabwino, woipa uja wausiya, ndipo pulogalamu ikawerengetseranso kansonga kangosamukira pamizere yotsatira. Achotsanso, kasamukanso. Pomaliza galafu ili ndi dzenje lalikulu ndipo vuto likadali pomwepo. Njira yoyenera ndi yosavuta. Sankhani kansongako pagalafu ya liwiro, musachotse kanthu, tembenukirani kutebulo, ndipo m'mizere imene yasintha mtundu werengani kolamu ya mtunda kutsika nayo. Nambala imene yathyola dongosolo ndi imeneyo. Yang'ananinso pagalafu ya mtunda, pa nthawi yomweyo mupeza kadontho kamodzi katadumpha kusiya anzake. Pa menyu ya Analyze pali Examine, imene imaonetsa manambala a kadontho kalikonse pamene mausi akudutsa, ndipo imathandiza kwambiri pa ntchito imeneyi. Lamulo langa ndi lakuti chachilendo chikaoneka m'kolamu yowerengetsera, gwero lake mukalifune m'kolamu yoyezedwa.

Mukaupeza mzerewo, nambala yake imakuuzaninso chimene chinachitika m'chipindamo. Ngati mtunda watuluka wautali kuposa pamene kangolo kanali, ngati 1.310 wathu uja, ndiye kuti phokoso linaphonya kangolo n'kukabwerera pa chinthu china cha patsogolo, kaya mpando, kaya khoma, kaya mwana woimirira kumapeto kwa njanji. Kangolo ndi kakang'ono, ndipo kumata kakatoni kowongoka kumbuyo kwake kuti phokoso lizigunda pamenepo kumachepetsa vutoli. Ngati mtunda watuluka waufupi, ndiye kuti china chake chinalowa pakati, nthawi zambiri dzanja la wokankha kapena chingwe, paja kachipangizo kamamvera chimene chayamba kubweza phokoso, ndipo phokosolo limapita likufalikira m'mbali. Kumbukiraninso kuti kachipangizo ka Vernier kamayeza kuyambira mamita 0.15 kufika pafupifupi 6. Kangolo kakayambira pafupi kwambiri kuposa pamenepo, mizere yoyambirira sikhala yodalirika.

Kodi n'zololedwa kuchotsa? Kusawerengera muyeso woipa n'kololedwa, kuufafaniza kuti pasapezeke wodziwa kuti unalipo ndiko kosaloledwa. Logger Pro ili ndi njira yabwino ya zimenezi. Sankhani mzerewo, pitani ku Edit, dinani Strike Through Data Cells. Nambala imatsala m'tebulo itakhwatchidwa ndi kamzere, koma galafu ndi masamu onse zimaidumpha, ndipo mukasintha maganizo pali Restore All Data yobwezera. Mukatero yang'anani galafu ya liwiro: kansonga kaja kagwa kokha, popanda kukhudza mzere wina uliwonse. Umenewo ndi umboni wakuti munagwira wolakwa weniweni. Kansonga kakapanda kugwa, bwezerani, mwakhwatcha mzere wosalakwa.

Chifukwa chokhwatchira chiyenera kukhala cha m'chipinda choyeseramo, chisakhale cha pagalafu. "Dzanja linadutsa kutsogolo kwa kachipangizo" ndi chifukwa. "Kangolo sikangadumphe masentimita 45 n'kubwerera m'masekondi 0.10" ndi chifukwanso, champhamvu ndithu. Koma "kadontho aka kakuipitsa mzere wathu" si chifukwa, ndipo mwana akazolowera zimenezo ali kusekondale adzazichitanso pa ntchito zimene anthu adzadalira manambala ake. Nkhani imeneyi ndimaitenga kukhala yaikulu kuposa kupeza liwiro lolondola. Mu lipoti alembe chiganizo chimodzi basi: takhwatcha muyeso wa pa masekondi 1.60 pa chifukwa chakutichakuti.

Si chachilendo chilichonse chimene chili cholakwika. Kadontho kamodzi kodumpha n'kubwerera pomwepo kawirikawiri ndi vuto la kachipangizo. Koma mizere isanu kapena khumi yotsatizana ikamaonetsa liwiro likutsika pang'ono n'kukweranso, pitani mukapapase njanjiyo pa mtunda umene tebulo likuonetsa. Mwina pali polumikizira, kapena kachitsotso. Bwerezani ulendowo, ndipo kakaonekanso pa mtunda womwewo ngakhale nthawi yasintha, dziwani kuti ndi zenizeni. Ndipotu ulendo wa kangolo ndi wa masekondi ochepa, kotero miyeso yoipa ikachuluka kubwereza n'kwabwino kuposa kukhwatcha apa ndi apo. Chenjezo limodzi pobwereza: mu Logger Pro mukayambanso kuyeza, zatsopano zimalowa m'malo mwa zimene zili m'makolamu a ulendo womaliza, olembedwa Latest. Kuti zakale zisatayike dinani kaye Store Latest Run ku Experiment. Pulogalamu ina ya Vernier, Graphical Analysis, imasunga yokha ulendo uliwonse. Maulendo akachuluka pagalafu imodzi, onetsetsani kuti mzere wowongoka mwaujambulitsa pa ulendo umene mukuufunawo, ndipo m'tebulo mukuwerenga makolamu a ulendo womwewo, chifukwa onse amakhala ndi mitu yofanana.

Mwafunsa kuti mukhulupirire chiti. Chilichonse chili ndi zimene chimabisa. Galafu imakokomeza kapena kuchepetsa malinga ndi malire ake. Ikani choyezera kutentha m'madzi amene sakusintha, manambala azingoyendayenda pakati pa 24.1 ndi 24.3, kenako dinani Autoscale. Pulogalamu itambasula kusiyana kwa 0.2 kumeneko kudzaza galafu yonse, ndipo ana ayamba kufotokoza mapiri ndi zigwa zimene kulibeko. Kungoyang'ana m'tebulo kamodzi nkhani yatha. Mbali inayi, galafu yoyambira pa 0 kufika 100 ingabise kusintha kwenikweni kwa digiri imodzi kumene munkafuna kuona. Muzolowere kuwerenga manambala a m'mphepete mwa galafu musananene kanthu za maonekedwe ake.

Tebulo nalo limabisa kapangidwe ka zinthu, ndipo manambala achidule monga avareji amabisa koposa. Mu 1973 katswiri wa masamu a ziwerengero Francis Anscombe anakonza magulu anayi a manambala, lililonse la timadontho 11. Onse anayi avareji ya x ndi 9, ya y ndi 7.5, mgwirizano wa x ndi y ndi pafupifupi 0.82, ndipo mzere wowongoka wowayenera ndi umodzi, y = 3 + 0.5x. Mukangoona zachidulezi munena kuti ndi gulu limodzi. Mukajambula, loyamba ndi timadontho tomwazikana mozungulira mzere, lachiwiri ndi uta wokhota bwinobwino, lachitatu ndi mzere wowongoka wokhala ndi kadontho kamodzi kothawa, ndipo lachinayi timadontho khumi taunjikana pa x wa 8 pamene kamodzi kali kutali pa 19 ndipo ndi komweko kakukoka mzere wonse. Gulu lachitatulo ndi nkhani ya kangolo kanu yeniyeni. Choncho galafu ndi yopezera malo ofunika kufunsa, tebulo ndi lofunsiramo.

Kanthu kena kakang'ono kamene kamakanganitsa ana ndi mphunzitsi: manambala oonekera m'tebulo amakhala ofupikitsidwa. Pulogalamu itha kusunga 0.8412 koma n'kuonetsa 0.84. Mwana akatenga mizere iwiri yoyandikana n'kuwerengetsa liwiro pamanja ndi manambala ofupikawo, yankho lake lisiyana ndi la m'kolamu ya liwiro, chifukwa akugawa kusiyana kochepetsetsa ndi nthawi yochepetsetsa, komanso pulogalamu ikugwiritsa ntchito mizere yambiri. Dinani kawiri pamutu wa kolamu muwonjezere manambala oonekera, ndipo powerengetsa pamanja atenge mizere yotalikirana, monga ya pa 1.50 ndi ya pa 2.50.

Tsopano za Excel. Mukatumiza deta ngati fayilo ya CSV, chimene chimapita ndi manambala ouma okha. Kolamu ya liwiro imene mu Logger Pro inali yamoyo, yosintha yokha mtunda ukasintha, imafika itauma. Mukachotsa 1.310 uja mu Excel, 4.9 ndi mnzake uja akhalabe pomwepo mpaka mutalemba nokha fomyula. Choncho kukhwatcha konse kuchitike musanatumize, ndipo mukatsekula fayiloyo yang'anani mzere umene munakhwatcha kuti wafika bwanji. Ndipo kulumikizana kwa mu Excel n'kwa mbali imodzi: mukasintha nambala m'kabokosi galafu imasintha, koma kusankha timadontho pagalafu sikuonetsa mizere yake m'tebulo. Mukadina galafu imangozunguliza makolamu onse amene ikuwerengamo. Kuloza kadontho ndi mausi kumaonetsa manambala ake, ndiye mumakawafuna nokha m'tebulo. Palibe chimene chawonongeka pakompyuta yanu, Excel inapangidwa choncho.

Chipwirikiti chija chabwera chifukwa mzere wolumikiza timadontho umatsata ndondomeko ya mizere ya m'tebulo, kuchoka woyamba kupita wachiwiri mpaka pansi. Mizere ikakhala motsatira nthawi, mzerewo umayenda kuchoka kumanzere kupita kumanja. Mwana atasanja potsatira liwiro, woyamba unakhala wa masekondi 4.8, wachiwiri wa 0.1, wachitatu wa 4.9, ndiye mzere wolumikiza unayamba kuthamanga uku ndi uku. Ngati anasanja mizere yathunthu, timadontho tili pamalo pake pomwe, ndipo mukasanjanso potsatira nthawi zonse zibwerera. Choopsa ndi ngati anasankha kolamu imodzi yokha. Excel imachenjeza, imafunsa ngati mukufuna Expand the selection kapena Continue with the current selection, ndipo amene wadina chachiwiricho walekanitsa liwiro lililonse ndi nthawi yake. Zikatero palibe kusanja kumene kungazibwezere. Ngati Undo sikuthekanso, tayani fayiloyo mutumizenso kuchokera ku Logger Pro. Njira yodziwira ndi yomweija: tengani mizere iwiri kapena itatu muifananize ndi ya mufayilo yoyamba.

Muli mu Excel momwemo, samalani zinthu zinanso zimene zimasintha galafu mwakachetechete. Pa miyeso yotsatira nthawi sankhani galafu ya mtundu wa Scatter, musasankhe Line, chifukwa Line imaika timadontho motalikirana mofanana posatengera manambala a nthawi, ndipo mukachotsa mzere umodzi dzenje lake silioneka. Mizere yobisidwa kapena yosefedwa imachoka pagalafu, koma fomyula ya AVERAGE imaiwerengerabe, ndiye galafu ndi avareji zimanena za magulu awiri osiyana inu osadziwa. SUBTOTAL ndi imene imadumpha mizere yosefedwa. Ndipo pamene palibe muyeso siyani kabokosi kopanda kanthu, musalembe 0, chifukwa ziro ndi muyeso, ndipo akutanthauza kuti kangolo kanali pamphuno pa kachipangizo.

Ngati chimene mukufuna ndi kugawira ana manambala kuti akagwirire ntchito pa makompyuta opanda Logger Pro, koma kulumikizana kuja kukhalepo, yesani CODAP. Ndi yaulere, inapangidwa ndi Concord Consortium ku United States, ndipo imatsekuka pa intaneti popanda kuika kanthu pakompyuta. Mumakokera fayilo ya CSV mkatimo, tebulo limabwera, n'kukokera mitu ya makolamu pamagalafu ambiri mmene mungafunire. Mukasankha timadontho pagalafu imodzi, timasintha mtundu pamagalafu ena onse ndi m'tebulo nthawi imodzi. Ilinso ndi Set Aside, yoikira miyeso pambali osaitaya. Maganizo amenewa si atsopano ayi. Richard Becker ndi William Cleveland a ku Bell Labs anawalongosola mu 1987, ndipo akatswiri amawatcha brushing. Phindu lake limakula makolamu akachuluka: mumasankha miyeso yachilendo pagalafu ya chinthu chimodzi, n'kuona pamene yagwera pagalafu ya chinthu china, ndipo nthawi zambiri pamenepo ndi pamene pamaonekera chimene chikuichititsa.

M'kalasi, phunziro limodzi ndikanalipereka pa zimenezi zokha. Yendetsani kangolo, ndipo uzani mwana mmodzi adutsitse dzanja mwadala kutsogolo kwa kachipangizo pakati pa ulendo. Bisani kaye galafu ya mtunda, muwaonetse ya liwiro yokha, muwafunse kuti miyeso yoipa ndi ingati ndipo ili pati. Ambiri aloza kansonga kokwera ndi kotsika. Kenako asankhe malowo, awerenge kolamu ya mtunda m'tebulo, apeze okha mzere kapena mizere imene dzanja linakhudza, aikhwatche, aone kansonga kakugwa. Pomaliza gulu lililonse lijambulitse mzere wowongoka pa malire amene mwagwirizana, 1.20 kufika 3.40 kapena ena alionse, ndipo onse apeza nambala imodzi.

Kangolo kakangomaliza ulendo, fayilo isungidwe kaye isanakhudzidwe, dzina lake likhale ndi tsiku ndi gulu. Ana agwirire ntchito pa kope lake, ndipo yoyambayo ikhale kwa inu. Mwana akadzabwera ndi galafu yosalala mokayikitsa, mudzatsekula yanuyo n'kufananiza chiwerengero cha mizere. Pa miyeso 20 pa sekondi kwa masekondi 5 iyenera kukhala pafupifupi 100, ndipo nthawi iyenera kukwera ndi 0.05 pamzere uliwonse popanda kudumpha.